Nalimata Wosakwera Khoma

Anthu akandifunsa kuti ku London ndinkagwira ntchito yanji, ndimati ndinkasamalira agogo. Si bodza ayi. Chimene sindinena n'chakuti m'nyumba imeneyo munalinso china chimene ndinkasamalira, chamiyendo inayi, chimene mpaka lero ndikachikumbukira malovu amadzaza m'kamwa.

Ndinachoka kwathu mwana wanga Tadala atangosiya kumene kuyamwa. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, bambo a mwanayo anapita ku Joni osabwerako, ndipo mayi busa a kutchalitchi kwathu atanena kuti abale awo a ku Ulaya akufuna munthu wosamalira nkhalamba, amayi anga anavomera ine ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Ndine wamanyazi chibadwire. Nkhani zanga zambiri amandiyankhira ndi ena.

Tsiku lonyamuka, Tadala anali kumsana kwa amayi, akudya chigumu. Ndinafuna kumunyamula komaliza, amayi anandiletsa ndi maso.

"Usatsanzike, avuta. Ungozemba. Akafunsa tizimuuza kuti wapita kuchigayo."

Ndinazembadi, kudzera kuseri kwa nkhokwe, ngati wakuba.

Nyumba imene ndinafikira inali ku Croydon, pafupi ndi njanji ya tiramu, kasitima koyenda m'tauni. Eni ake anali agogo a Mwale, amene anathawa ku Malawi kalekale, nthawi ija anthu ankathawa ndale, ndipo sanabwererenso. Akazi awo anali atamwalira, mutu wawo unali utayamba kuiwalaiwala. Ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, a Grace, wobadwira komweko, amene ankagwira ntchito mu ofesi m'tauni. Chichewa ankamva chonse, koma poyankhula chinkatuluka chothyokathyoka, chosakanikirana ndi Chingerezi.

"Musamati madamu," anandiuza tsiku loyamba. "Just Grace."

Ndinalephera. Ndinkati a Grace, nawonso anatopa n'kundisiya.

Ntchito inali yowasambitsa agogo, kuwaveka, kuwaphikira ndi kuwakumbutsa mankhwala. Zimenezo sizinandivute. Agogo anali munthu wofatsa, kungoti masana onse ankakhala pampando akuyang'ana khoma chakumtunda, pafupi ndi denga, ngati akudikira munthu.

"Amake Tadala," ankandiitana, "khoma ili ndi lakufa. Nyumba yanji yopanda nalimata?"

Ine ndinkati mumtima, nyumba yabwino ndi imeneyo. Kwathu nalimata timamupha ndi patapata. Amayi ankati akagwera mu ndiwo utaye ndi mphika womwe, ndipo akakukodzera pamatuluka matuza. Kaya n'zoona kaya ayi, ine ndinakula ndikunyansidwa naye. Khungu lake loonekera m'kati ngati la mwana wa khoswe wongobadwa kumene, maso ake osaphethira, kuyenda kwake kogwedeza chiuno chadodolido padenga, pamwamba penipeni pa mbale yako.

Agogo analankhula za nalimata mpaka a Grace anatopa nazo. Loweruka lina anafika ndi makatoni, akupuma mofulumira, nkhope ili ngwee.

"Daddy akufuna gecko, ndiye tiwagulira gecko. Bwerani mundithandize, timange nyumba yake."

Ndinafunsa kuti geko n'chiyani. Anandionetsa pafoni. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda fuliji.

"Nalimata? Mugula nalimata? Kusitolo?"

"Inde, ku pet shop. Si wokongola?"

Tinaimanga nyumbayo tsiku lomwelo, a Grace akuwerenga pafoni, manja ogwira ntchito ali anga. Choyamba linali bokosi lagalasi, lalikulu ngati katebulo, lazitseko ziwiri kutsogolo ndi sefa pamwamba polowera mpweya. Anati ndilitsuke. Nditatenga mankhwala otsukira kuchimbudzi, anandilanda botolo.

"No, no! Amafa ndi zimenezo. Madzi otentha basi."

Ndinati mumtima, akafa ndiye talakwa chiyani?

Pansi pa bokosilo, mbali imodzi yokha, tinamata kamphasa ka magetsi kotenthetsa. Kanali ndi kachingwe koyeza kutentha, koti kukapitirira kazizima kokha. A Grace anafotokoza kuti mbali imodzi izikhala yofunda, ina yozizirirapo, kuti mwiniwake azisankha yekha pokhala. Ndinaganiza kuti tithira mchenga, koma anati mchenga amaumeza pamodzi ndi chakudya n'kutsekeka m'mimba. Choncho tinayala matailosi, abwino kuposa a m'chipatala cha kwathu. Kenako timapanga titatu tobisalamo: kena kumbali yofunda, kena kumbali yozizira, kachitatu pakati, koikamo ndere zonyowa kuti pofundula khungu lisamukanirire kuzala. Kambale ka madzi kosazama, kuopa kuti angamire. Kambale kena ka ufa woyera wolimbitsa mafupa. Pamwamba nyale yoyaka yokha m'mawa n'kuzima yokha madzulo.

Agogo anakokera mpando pafupi, akulamula ngati kapitawo.

"Mwala uwo ukhale cha uko. Ayi, cha uko. Nalimata sakonda poyera."

Titamaliza ndinaimirira n'kuyang'ana. Nalimata anali ndi chipinda chogona, chipinda chopumulira ndi bafa. Nthawi imeneyo n'kuti Tadala akugona pamphasa imodzi ndi amayi ndi ana awiri a achemwali anga, m'nyumba yodontha. Ndinayamba kutola makatoni.

Bokosilo linakhala lopanda kanthu masiku angapo, kuti tione ngati kutentha kuli bwino. Ine ndili ndi chizolowezi cha kwathu chozimitsa swichi iliyonse ya pakhoma ndikamatuluka m'chipinda, kuopa kutha mayunitsi. A Grace atandipeza dzanja lili pa swichi ya bokosilo, anamatapo selotepi yofiira.

"Iyi musazimitse. Ever. Akazizidwa sadya."

Tsiku limene anafika naye, ndinaima kukhomo la khitchini, wokonzeka kuthawa. Sanali ngati nalimata wa kwathu. Anali wachikasu, wamawanga akuda, mchira wonenepa ngati kambatata, kukamwa kopindikira m'mwamba ngati akukuseka. Agogo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Akwera liti khoma?"

"Mtundu uwu sukwera, Daddy. Amangoyenda pansi."

"Ndiye si nalimata ameneyu. Taonani mimbayo. Ameneyu ndi Bwanamkubwa. Wangokhala, akudikira kuti amubweretsere."

Dzina linakhala lomwelo. Ngakhale anamunyoza choncho, kuyambira tsiku limenelo agogo anasiya kuyang'ana khoma. Ankadzuka m'mawa n'kufunsa kuti Bwanamkubwa wagona bwanji.

Wobweretsera chakudyayo ndinali ine. Bwanamkubwa ankadya mphutsi zamoyo, ndipo mphutsizo zinkasungidwa mu fuliji, pafupi ndi majarini. Ndinkazitola ndi kachopanira, imodziimodzi, zikudzipinda, n'kuzigubuduza mu ufa woyera uja ngati ndikukonza nsomba yokazinga. Iye ankayandikira pang'onopang'ono, akugwedeza nsonga ya mchira, kenako khapu! Akatero ankanyambita milomo mpaka lilime kufika m'diso. Chimbudzi ankachitira pakona imodzi, chakuda chokhala ndi kamutu koyera, ndipo wochotsa ndinali ine ndemwe. Koma chimene chinandisanzitsa ndi tsiku limene anafundula. Anayamba watuwa ngati wagwera m'phulusa. Kenako analuma khungu la pamwendo n'kuyamba kulivula ngati malaya, akulimeza. Analidya lonse. Ndinathamangira kusinki, agogo akuwomba m'manja.

Munthu yekha amene ndinamuuza anali amake Bwalya, mayi wa ku Zambia wokolopa m'maofesi, amene tinkakwera naye tiramu pochokera kutchalitchi. Anaseka mpaka azungu anatembenuka.

"Iwe mwana! Anzako abwela kuno kugwila nchito mu hospital, iwe ndiwe nesi wa buluzi? Osakamba kunyumba, azakamba ati wayamba ufiti."

Ndinabisa nkhope mu sikafu, koma nane ndinaseka. Kuyambira pamenepo akandiona ankafunsa kuti, "Odwala ali bwanji, sister?" Ankandipatsanso mandasi okulunga m'pepala, akuti ndawonda.

M'nyengo yozizira agogo anayamba kukana chakudya. Phala ankalikankha, mpunga ankaulavula, ankangomwa tiyi. A Grace ankada nkhawa, inenso chimodzimodzi. Tsiku lina masana, a Grace ali kuntchito, munthu wa katundu anagogoda n'kusiya katoni. M'katimo munali timabokosi tiwiri tapulasitiki, ndipo nditasuzumira mtima unadumpha. Ziwala! Zamoyo, zonenepa, zamtundu wa dzombe, zikudumphadumpha. Pamwamba panali polemba, koma Chingerezi cholemba chimandidutsa. Bwanamkubwa kufikira tsikulo ankadya mphutsi zokhazokha, ndiye za iye sindinaganizeko n'komwe. Ndinati a Grace aganiza bwino, awapezera bambo awo ndiwo za kwawo.

Agogo ataziona anaimirira okha, popanda ndodo.

"Ziwala! Amake Tadala, mwagwira kuti? Kudambo?"

Ndinazithira madzi otentha, n'kuthothola mapiko ndi miyendo, n'kuzikazinga pachiwaya ndi mchere ndi timafuta pang'ono mpaka zitafiira. Nyumba yonse inanunkhira kwathu. Agogo anadya ndi manja, akutafuna mokhukhutiza, akusimba za dambo la kwawo ndi mayina a anzawo amene ankagwira nawo ziwala. Anamaliza mbale. Inenso ndinadyako, sindinama.

A Grace analowa tikupukuta m'manja. Ananunkhiza, anayang'ana chiwaya, anayang'ana mulu wa miyendo ndi mapiko pambale. Nkhope yawo inachita ndendende zimene nkhope yanga imachita ndikaona Bwanamkubwa akudya khungu. Anagwira pakamwa n'kuthamangira kusinki komwe kuja.

"Mwadya chakudya cha gecko! Oh my God. Zimenezi si za anthu! Sitikudziwa anazidyetsa chiyani kumene amaziweta!"

Anaimbira a chipatala, akuyendayenda m'khitchini. Ine ndinangoima, manja ali kumbuyo, chifukwa zimene ankanenazo zinali zoona. Agogo okha ndi amene sanatekeseke. Anatembenukira kubokosi lagalasi n'kuvula chipewa.

"Pepani, Bwanamkubwa. Takudyerani ndiwo."

Mwamwayi sanadwale. A Grace anandichenjeza kuti ndisadzachitenso, ndipo chiwaya chija anachitaya m'bini, chatsopanotsopano. Chiwayacho ndi chimene chinandipweteka. Munthu wosunga mphutsi pafupi ndi majarini kunyansidwa ndi chakudya chimene ndinakulira.

Lamlungu lililonse masana ndinkaimba foni ya kanema kwathu. Poyamba Tadala ankapsompsona foniyo mpaka galasi kuchita mbuu. Pamene ankakula anayamba kungoyang'ana, kenako kubisala kumbuyo kwa amayi. Ndinkamuonetsa tinsapato ndi tizidole timene ndinamugulira, iye ankayang'ana zinthuzo, osati ine. Lamlungu lina amayi anamukokera kufoni.

"Tadala, lankhula ndi amako."

Iye anagwira chitenje cha amayi. "Amama ndi awa. Awo ndi anti a m'foni."

Amayi anaseka, achemwali anga anaseka, inenso ndinaseka kuti asaone. Nditadula foni ndinapita kukatsuka bokosi la Bwanamkubwa, poti Lamlungu linali tsiku lake. Masiku onse ndinkamukankhira m'kapu ndi kakatoni kuti ndisamukhudze. Tsiku limenelo anakana kulowa, akuzungulira mwala, kukamwa kuli kuseka kuja. Mtima unandiwira. Ndinavala jumbo kudzanja n'kumumbwandira chapamwamba. Anapulumuka. Ndinagwira mchira. Iye anathawira m'kaphanga, mchira n'kutsala m'manja mwanga, ukuphiriphitha wokha.

Ndinakuwa n'kuutaya pansi. Unapitiriza kuvina pakapeti. Agogo atauona anayamba kulira ngati mwana, akuti, "Mwamupha, mwamupha." A Grace anatsika masitepe akuthamanga.

"Pepani," ndinatero, ndikuyang'ana pansi. "Ndikalongedza katundu wanga."

Anasuzumira m'kaphanga, anachotsa ndere, anayala mapepala oyera kuti bala lisade, anawatsimikizira bambo awo kuti Bwanamkubwa ali moyo ndipo mchira udzaphukanso, ngakhale sudzakhala ngati woyamba. Atatembenuka anapeza ndikulirabe, jumbo lili kudzanja.

"Si mchira ukukulizani, eti?"

Sindidziwa chimene chinanditsegula pakamwa. Ndinawauza za Tadala, za kuzemba kuja, za anti a m'foni. Kanali koyamba kuti ndiyankhule nawo mawu ambiri chotero. Anakhala pansi pakapeti, ndi thalauza lawo labwino, nane ndinakhala.

"Ine anandipititsako ku Malawi ndili mwana, ndi Mummy," anatero. "Titafika kumudzi, everybody kundigwira. Uyu kundinyamula, uyu kunditsina masaya, uyu akuti ine ndine azakhali ako, ndipsompsone. Ndinalowa pansi pa bedi. Holiday yonse. Amati ndine wamwano, koma ndinali ndi mantha basi."

Kenako anatsegula chitseko cha bokosi n'kuika dzanja lawo pamatailosi, chikhatho chili m'mwamba.

"A ku shop anandiphunzitsa. Mukabwera chapamwamba amaona ngati ndinu kabawi, ndiye amakusiyirani mchira. Ikani dzanja pansi, flat. Osamuitana, osamuyang'anitsitsa. Abwera yekha, kapena sabwera. Akapanda kubwera, mawa muyesenso."

Bala litapola, agogo ankalira ndikangotenga kapu ndi kakatoni kaja, ndiye panalibe kuchitira mwina. Madzulo aliwonse ndinkagwada n'kuika dzanja m'bokosi, nkhope ili kumbali, mano ndaluma. Masiku oyamba sanatuluke n'komwe. Kenako anayamba kusuzumira. Tsiku lina ndinamva kalilime kakunyambita chala changa, thupi lonse n'kuchita tsembwe. Ndinafuna kuchotsa dzanja, agogo ananong'ona kuti, "Osasuntha." Patapita masiku ena anakwera. Timapazi tokanda, kamimba kofewa kozizira, kamchira katsopano kafupi kopanda mawanga. Anakhala pachikhatho changa ngati pakwawo. Atatsika ndinasamba m'manja mpaka khungu kuwawa. Ndisaname, sindinamukondepo. Mpaka tsiku lomaliza ndinkanyansidwa naye.

Agogo anamwalira m'nyengo ina yozizira, ali pampando wawo uja, moyang'anizana ndi bokosi. Maliro atatha, a Grace anasamutsira Bwanamkubwa kuchipinda kwawo. Anati akhoza kundipezera nkhalamba ina ku Ilford, amake Bwalya nawonso anati ndisapuse, ndikhale. Kwa nthawi yoyamba ndinadziyankhira ndekha. Ndinati ndikupita kwa mwana wanga.

Ndinapeza nyumba yathu ili ya malata, amayi atakalamba, achemwali anga akuyankhula ngati eni pakhomo. Anthu anadzaza bwalo, akululutira, akugwiragwira zikwama. Tadala anaima patali, wamtali, mano akutsogolo ataguluka, atavala juzi imene ndinatumiza. Ankandiyang'ana chammbali.

"Pita kwa amako!" anakuwa achemwali. "Mwana wamwano iwe! Zonse wavalazo anagula ndani?"

Anamugwira pamkono n'kuyamba kumukokera kwa ine, anthu akuseka, ena akumukankha kumsana. Mwanayo anakuwa, anadzipotokola, anaweramitsa mutu n'kupulumuka. Anathawira kuseri kwa nkhokwe. Juzi inatsala m'manja mwa achemwali, manja ake akulendewera.

Ndinakumbukira mchira uja utatsala m'manja mwanga.

"Musiyeni!"

Bwalo lonse linatembenukira kwa ine. Palibe amene anandimvapo ndikukweza mawu. Achemwali anati akamutenga ndi kamtengo, ine ndinati aliyense amene amutsatire kumeneko, zikwama izi sizitsegulidwa. Anakhala pansi.

Kuyambira mawa lake, masana aliwonse ndinkakhala pakhonde, pansi penipeni, ndikuswa mtedza. Ndikatopa ndinkatambasula dzanja padothi, chikhatho chili m'mwamba, n'kumayang'ana nkhuku. Sindinamuitane. Sindinamuonetse zidole. Amayi anati ndabwerako ndi misala ya azungu, mwana amafunika kumugwira n'kumuika pamwendo, alire atope. Ndinangoti, "Ndamva, amayi," dzanja lili pomwepo.

Ankadutsa patali ngati akupita kwina. Kenako anayamba kusewera pafupi ndi mtondo, kenako kumapeto kwa khonde, atandifulatira. Tsiku lina dzuwa litapendeka ndinamva kachala kakukhudza chikhatho changa n'kuchoka msanga. Sindinatembenuke. Kanabweranso, kakutsatira mizere ya m'dzanja. Kenako dzanja lonse, lofunda, lomata ndi madzi a nzimbe.

"Agogo ankati munapita kuchigayo," anatero, akuyang'ana pansi.

"Anatero, eti?"

"Mupitanso?"

"Ndikamapita ndizikuuza. Ukafuna tizipitira limodzi."

Anasendera pang'ono, phewa lake n'kukhudza mkono wanga.

Pamenepo ndinaona chinthu chikuyenda pakhoma, pamwamba penipeni pa mitu yathu. Nalimata wa kwathu, wotuwa, woonekera m'kati, akugwedeza chiuno chadodolido pansi pa malata atsopano. Malovu anadzaza m'kamwa, tsembwe linayambira kumsana mpaka m'mutu. Patapata anali pafupi, pongotambasula mkono. Koma mkonowo ndi umene Tadala anatsamira. Ndinameza malovu, osasuntha.